Mpata wa Manja a Dokotala

Manja achitsulo anatsika kudenga n'kuyamba kung'amba pamimba pa mayi Nasuluma. Mwini manjawo, Dokotala Mataka, anali kutali ku Lilongwe, atavala magolovesi olumikizidwa ku kompyuta. Iwo akapinda chala kumeneko, chala chachitsulo chinkapindika pa kachipatala ka kumapiri a ku Neno.

Zonsezi zinkadalira mpata, kutanthauza kuchuluka kwa uthenga umene ungadutse nthawi imodzi pakati pa makompyuta awiriwo. Woyeza mpatawo anali Tiyanjane, amene ankayang'anira makina pachipatalapo. M'mawa anayatsa chiyezampata: kompyuta yake inathira uthenga wambirimbiri kupita ku Lilongwe, ya uko n'kunena umene wafika. Mpata unali waukulu, wokwana bwinobwino.

Koma opaleshoni ili mkati, manja aja anangoti zii, mpeni uli m'mimba.

"Tiyanjane! Sin...kuona chili...!" Mawu a dokotala ankafika oduladula.

Tiyanjane anayezanso mpata, thukuta lili kamukamu. Mayo ine! Mpata wonse uja unali utatsala ngati ulusi. Anathamangira panja kukaona ngati mlongoti wotumizira uthenga wagwa, koma anangoima pakhomo kukamwa yasa. Khonde lonse linali litadzaza ndi anthu a kuwala, zithunzi zoyenda ndi kuyankhula za abale a wodwalayo: a ku Joni, a ku Tete, ngakhale mlamu wawo wokumba miyala ku Mwezi. Amayi a mvano anali atayambitsa kale nyimbo. Pakati pawo panali a Chimbalanga, amuna a mayi Nasuluma, akulandira alendo.

"Bambo, anthuwa alowera pati?" anafunsa Tiyanjane.

"Pa nambala ija munandipatsa yoti ndiziyankhulira ndi adokotala. Ndinangouza mchemwali wawo yekha."

"Akudya mpata wa adokotala! Manja aima!"

A Chimbalanga anagwira kumutu. "Mwananga, munthu wabwera kudzazonda m'bale wake, ndimubweze? Akandinena chiyani?"

Tiyanjane anabwerera mkati n'kudula alendo onsewo pa kompyuta, nyimbo inathera pakamwa. Manja aja anadzidzimuka, n'kuyamba kusoka mothamanga, koma magazi anali atatayika ambiri. Patapita kanthawi, anabwerera okha kudenga.

"Pepani," anatero dokotala, mawu tsopano akumveka bwino lomwe.

A Chimbalanga anakhala pansi pa khonde lopanda munthu, osatulutsa ngakhale msozi. Tsiku limenelo aliyense wokonda mayi Nasuluma anapeza njira yofikira kwa iwo, kupatula munthu mmodzi amene akanawapulumutsa.