Kettie Abisa Nsapato za Amayi

Kettie ankakhala ku Kawale ndi amayi ake. Kettie ankadana ndi nyimbo imodzi. Ankafuna kuti nyimboyo ingotha.

Koma nyimboyo inali paliponse. Inkamveka pa wailesi. Inkamveka m'minibasi. Inkamveka kometera tsitsi. Ngakhale ogulitsa makala ankaiimba.

"Ndalota mtsinje, ndalota ndikuwoloka.
Tsalani, ine ndapita kutsidya."

Nyimboyi inaimbidwa pa maliro a bambo ake a Kettie. Amayi a kwaya anaiimba akulira. Anthu anati, "Bambo ako awoloka. Apita kutsidya."

Kettie anadikira. Mvula inayamba. Mvula inatha. Bambo sanabwerere.

Basi, Kettie anadziwa chinthu chimodzi. Munthu akapita kutsidya sabwerera.

Tsiku lina Kettie ankatsuka mbale. Amayi ankachapa zovala. Amayi anayamba kuimba. Inali nyimbo yomwe ija!

Kenako foni inaitana. Amayi anayankha. "Eee, a Gwanda, ndakonzeka. Mawa ndiwoloka m'mawa. Tikakumana kutsidya konko."

Mbale inagwa pansi. Kettie anachita mantha kwambiri. Tsiku limenelo sanadye. Sanasewere.

M'mawa Kettie anadzuka ndi misozi. Anali atalota mtsinje. Amayi anali kutsidya. Kettie ankaitana, koma amayi sankamva.

Kettie anaona nsapato za amayi. Zinali zoyera, za kutchalitchi. "Popanda nsapato sapita," anaganiza Kettie. Anazitenga mwakachetechete. Anazibisa m'thumba la makala.

Amayi anafunafuna. Anayang'ana pansi pa bedi. Panalibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Kunalibe.

Kenako anayang'ana Kettie. Koma mwana ameneyu! Anabisa nsapato, n'kuiwala kusamba m'manja. Manja ake anali bii.

Amayi anatsegula thumba la makala. Nsapato zoyera zija zinali zitada.

"Kettie, wachitiranji zimenezi?"

Kettie analira mokweza. "Amayi, musawoloke! Musapite kutsidya! Adadi anapita, sanabwerere. Ine nditsala ndi ndani?"

Amayi anakhala pansi. Anamuika Kettie pamwendo. Nawonso misozi inatsika.

"Mwana wanga, kutsidya kulipo kuwiri," anatero amayi. "Kwina n'kumene anapita bambo ako. Kwina n'kwapafupi pompa. Timangodutsa pa mlatho."

"Mukukatani kumeneko?"

"Kwaya yathu ikukajambula nyimbo. A Gwanda ndi amene amatiphunzitsa kuimba."

Kenako Kettie anafunsa, "Nanga adadi adzabweranso?"

"Ayi, mwana wanga. Sadzabweranso. Inenso ndimawasowa. Ndikawasowa ndimaimba."

Analira onse awiri. Atatha, amayi anati, "Samba m'manja. Tipitire limodzi."

Anafika pa mlatho. Mtsinje wa Lilongwe unali pansi. Madzi anali amatope. Majumbo anali atakola m'mabango.

Kettie anagwira dzanja la amayi. Analigwira zolimba. Anatsinzina maso.

Anayenda. Anayenda. Anayenda.

"Tsegula maso," anatero amayi. "Kutsidya kuja ndi kuno."

Kettie anatsegula maso. Anaona njinga za kabaza. Anaona mayi wogulitsa mandasi. Anaona galu akudzikanda. Kutsidya komweku?

A Gwanda anawalandira pakhomo la nyumba yojambulira nyimbo. Anayang'ana nsapato za amayi. "Amayi a Kettie, mwayamba geni ya makala?" Kwaya yonse inaseka. Kettie anabisa nkhope m'chitenje cha amayi.

Kwaya inayamba kuimba. Kettie anatseka makutu. Kenako anatsegula khutu limodzi. Anamva mawu a amayi ake. Anakumbukira bambo. Mtima unawawa, koma sanathawe.

Madzulo anafikanso pa mlatho. Ulendo uno Kettie sanatsinzine. Anayenda. Anayenda. Anaponda dothi la ku Kawale.

"Amayi! Tabwerera!"

"Eee, tabwerera."

Kunyumba anakhala pakhonde. Amayi anatsuka nsapato imodzi. Kettie anatsuka inayo. Makala sanachoke onse.

Wailesi ya oyandikana nawo inayamba nyimbo ija. Kettie anatsamira amayi ake. Anaimba nawo pang'onopang'ono. Koma anasintha mawu.

"Ndalota mtsinje, ndalota ndikuwoloka.
Ine ndi amayi tabwerera kwathu."