Madiresi a Godelieve

Madzulo amenewo Wannes ankasenda mbatatesi zoti aphikire mkazi wake Godelieve msuzi wopanda mafuta. Mkaziyo anamuchita opaleshoni yochepetsa chifu, madokotala atamuuza mosabisa kuti kunenepa kwakeko kumupha. Poyamba zinayenda bwino, mpaka anayambanso kupalasa njinga. Koma chaka chitatha kuwonda sikunaleke, madokotala n'kumangopukusa mitu. Wannes ankaopa kuti mkazi wake amuthera m'manja.

Anthu akwathu kuno ku Flanders ndi oumira, sataya nsalu. Aliyense wochitidwa opaleshoniyi ankapititsa zovala kwa telala wa m'mudzimo, Mayi Philomena, kuti azichepetse. Staf wophika buledi anapititsa mathalauza ake, ndipo pamaliro pake onyamula bokosi anayang'anana, kupepuka kwake ngati mulibe munthu. Kenako anatsatira Lutgarde wa kupositi. M'sitolo anthu anayamba kunong'onezana.

"Makina osokera a telala aja wawamva?"

"Khala chete iwe."

"Amalira okha, mwiniwake ali kutchalitchi!"

Ukadutsa pakhomo pa Philomena unkamva fungo la mafuta okazinga, chonsecho kubutchala sankapondako. Mayi amene kale anali ngati mtengo wa tsache, tsopano masaya anali phuliphuli.

"Amuna anga, taonani zodabwitsa," anatero Godelieve ali pampando. "Diresi labwera dzulo kuchokera kwa telala lija limandithina. Lero landikwana."

Mpeni unagwa m'manja mwa Wannes.

"Kwatsalanso china kumeneko?"

"Laukwati lija. Ndapititsa m'mawa."

Wannes analiyatsa liwiro la kwa telala osavala n'chipewa chomwe. Anapeza chitseko chili pululu, fungo lija lili guu, makina akulira tsetsetse. Philomena sanadzidzimuke n'komwe.

"Mwafulumiratu bambo. Kwatsala mpendero."

Wannes anatsomphola diresilo n'kulitambasula. Linali laling'ono ngati la kamwana kokalandira ukalistia woyamba.

"Mwamuyeza liti mkazi wanga? Umu sangalowemo!"

"Ine sindiyeza anthu," anatero mayiyo akunyambita ulusi. "Amadzakwanamo okha."

Wannes anathamangira kunyumba diresi lili kukhwapa. Ali pakhomo anaitana dzina la mkazi wake. Kunali zii. Anaitananso, ndipo pampando paja panachokera kamawu kakang'ono, kolira.

"Amuna anga, dzanditsitseni. Mapazi anga sakufika pansi."