Mwana wa a Gerganov

Basi ya ku Pleven inachedwa m'mawa umenewo, ndipo mvula ya mu Seputembala inayamba kuwaza. Zornitsa anaima pasiteji atafungatira chikwama chake, tsitsi litanyowa kale.

"Achemwali, ambulera yangayi ndi ya anthu awiri. Ndekha ikundikulira."

Anacheuka. Anali mnyamata wamtali, zikhadabo zakuda ndi oilo, akumwetulira ngati anadziwana kalekale.

"Mumalankhula chonchi kwa mtsikana aliyense wonyowa?"

"Ayi, kwa okhawo amene basi yawataya limodzi ndi ine. Ndine Rumen. Ndimakonza magalimoto a anthu, koma yanga yandikanika."

Zornitsa anaseka, nalowa pansi pa ambulera ija. Atatchula dzina lake, mnyamatayo anagwira pachifuwa.

"Zornitsa! Dzina la nyenyezi ya m'bandakucha! Ndiye ine ndadzukira mwayi lero."

Pofika m'tauni anali atapatsana manambala. Zornitsa asanatsegule n'komwe chitseko cha sitolo ya mankhwala a ziweto kumene ankagwira ntchito, foni inalira.

"Nthanda yanga, wafika bwino? Mvula isasiye mpaka mawa, ndili ndi ambulera yoti ndiigwiritse ntchito."

Chikondi chinayaka ngati moto wolusa. Masana Rumen ankabwera ndi tizitumbuwa ta tchizi totentha, n'kumadya ataimirira pakauntala, pakati pa matumba a zakudya za nkhuku.

"Wapamtima, ine ndinakhala ku Spain zaka zinayi, ndinaona akazi amitundumitundu. Koma mtima wanga unkadikira wogulitsa mankhwala a nkhupakupa!"

"Choka apa iwe, ukundithamangitsira makasitomala!"

Lamulungu lina anakhala pabenchi m'paki, masamba achikasu akuyoyoka. Panadutsa ngolo yokokedwa ndi hatchi, ndipo nkhope ya Rumen inasintha.

"Bambo anga anali katswiri wokwera hatchi," anatero. "Chaka chilichonse pa tsiku la Todor Woyera banja lonse tinkapita kumudzi kukawaonerera akuthamanga. Lero amayenda pa chikuku. Miyendo yonse inafa."

"Ayi! Chinachitika n'chiyani?"

"Zaka zitatu zapitazo, ine ndili ku Spain, wina anawadula kutsogolo pakona. Hatchi inagwa n'kuwapsinja msana. Munthuyo sanacheuke n'komwe. Anapambana, anamupatsa nkhosa, akuseka, bambo anga ali gone m'matope! Kuchipatala sanapondeko ngakhale tsiku limodzi."

Zornitsa analeka kumuyang'ana m'maso.

"Anali ndani?"

"Kwathu dzina lake sititchula. Amangoti mwana wa a Gerganov. Sindinamuonepo mnyamatayo, koma tsiku limene ndidzakumane naye, Mulungu adzandigwire manja!"

Mnyamata? Rumen ankaganiza kuti anali mnyamata!

Zornitsa anaona kona ija m'maso mwake, pafupi ndi mtengo wa mtedza. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mtsikana yekhayo pakati pa amuna khumi ndi awiri, ndipo ankafunitsitsa kuwaonetsa. Anakhotetsa hatchi yake mothina. Kumbuyo anamva chiphokoso, koma anangoti wina waterereka, adzuka. Ambulansi anaiona atanyamula kale nkhosa ija m'manja. Bambo ake anamuletsa kupita kuchipatala, amvekere, "Anthu amenewo akakudya wamoyo." Patatha mwezi anameta tsitsi lake lalitali, nasamukira m'tauni, ndipo sanakwerenso hatchi.

"Nthanda, wangoti zii bwanji? Pepa, ndakuopseza." Rumen anamukokera pachifuwa. "Tiye tisinthe nkhani. Paja iwe dzina la makolo ako sunandiuze."

Mtima unkamuuza kuti anene. Koma angayambire pati, mutu wake uli pachifuwa cha mwana wa munthuyo?

"Pasheva," anayankha, kutchula dzina la makolo a mayi ake. "Kwathu ndi kutali, cha ku Lovech."

Bodza linabadwa tsiku limenelo, ndipo linakula limodzi ndi chikondi.

Nyengo yachisanu yonse Zornitsa ankalemba uthenga n'kuufufuta. "Rumen, pali chinthu..." Kufufuta. "Wokondedwa, ukadziwa kuti ndine ndani..." Kufufuta. Asanalimbe mtima, uthenga wa Rumen unkalowa.

"Lero ndawasambitsa bambo, ndawameta ndevu. Amapepuka tsiku ndi tsiku. Iwe wekha ndi amene umandichotsa mkwiyo mumtimamu."

"Ndili nawe, mtima wanga," ankayankha, misozi ikudonthera pafoni.

Pa Khirisimasi anazemba kukaona makolo a Rumen ponena kuti ali ndi chimfine. Tsiku lobadwa la mayi ake a Rumen anati kusitolo kuli kuwerengera katundu. Koma kumayambiriro kwa Malichi Rumen anafika kusitoloko nkhope ili gwa.

"Loweruka ndi tsiku la Todor Woyera. Bambo amafunabe kukaona mahatchi, ngakhale ali pa chikuku. Kumudzi wa ngozi uja sitipitako, tikupita ku Gorna Lipa, kuseri kwa mapiri. Mayi akuti ukapanda kubwera ulendo uno, ndiye kuti ndinangokupeka."

"Rumen, ine mahatchi ndimawaopa."

"Udzaima kumbuyo kwanga. Zori, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, palibe chimene chidzakukhudze ine ndilipo. Ndikufuna ndikauze makolo anga kuti mkazi wanga ndi uyu."

Ku Gorna Lipa kunali kutali ndi kwawo, ndipo iye anali asanapiteko. Ndani angamudziwe kumeneko, ndi tsitsi lalifupili? Anavomera.

Loweruka m'mawa galimoto ya Rumen inaima pakhomo pa Zornitsa. Mayi Tsveta, mayi ake a Rumen, anatsika msangamsanga, namupsompsona masaya onse awiri.

"Ha! Ulipodi! Koma kuwonda kumeneku, mwana wangayu sakukudyetsa? Lowa, lowa, kunja kukuzizira."

Bambo Stoil, bambo ake a Rumen, anali pampando wakutsogolo, bulangeti lili m'miyendo. Anatembenuza mutu, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Takulandira, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Kubwalo kunali kutadzaza kale. Magalimoto anandanda m'mphepete mwa munda, mabanja atayala matebulo, ana akuthamangitsana m'matope a chipale chosungunuka. Mahatchi anali atawaluka ubweya wa pakhosi ndi ulusi wofiira ndi woyera, ndipo wansembe ankadutsa pakati pawo akuwawaza madzi odalitsa. Fungo la thukuta la hatchi linamulowa Zornitsa mpaka m'mafupa. Anali atalisowa bwanji fungo limeneli!

Mayi Tsveta anatulutsa mphika wa nyemba, botolo la mowa wa rakiya ndi timikate towumba ngati mahatchi.

"Aka n'kako, mpongozi. Ndakaika maso a mphesa zouma. Ka Rumen kapsa mchira, kafanana ndi mwini wake."

"Mayi, mwayamba kale kundigulitsa?"

Onse anaseka. Kwa kanthawi Zornitsa anaiwala zonse. Bwanji moyo sungakhale chonchi basi?

Mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, bambo Stoil anatuma Rumen kukatenga chipewa chawo m'galimoto, ndipo mayi Tsveta anapita kukapereka moni kwa msuweni wawo. Anatsala awiri pampanda.

"Uyo wa hatchi yofiirayo wamanga bwino chishalo?" anafunsa bambowo.

"Ayi, lamba walekerera, pakona chimuzungulira," Zornitsa anayankha asanaganize. Kenako anagwira pakamwa.

Bambo Stoil anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Tsiku lija tinaima moyandikana poyambira. Unandifunira mafuno abwino, ukukumbuka? Tsitsi ungamete, koma maso sungamete. Ndakuzindikira usanalowe m'galimoto."

Zornitsa anagwada m'matope pambali pa chikuku.

"Bambo, ndikhululukireni! Sindinadziwe kuti mwavulala chotere. Ndinkafuna kubwera, ndinkaopa..."

"Dzuka, anthu akuona. Za msana wangazi tisiye, nanenso ndinadulapo anzanga pakona ndili mnyamata. Koma mwana wanga akudziwa?"

"Ayi."

"Miyezi isanu ndi umodzi?" Bambowo anatseka maso. "Mnyamata uja amandinyamula ngati khanda m'mawa uliwonse. Sanayenere kunamizidwa. Umuuza iwe, kapena ndimuuze ine?"

"Ndimuuza ndekha. Mpikisano ukangotha, ndikulonjeza."

Rumen anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Mukunong'onezana chiyani awirinu? Bambo, musandilande mkazi!"

Mfuti inalira, mahatchi analiyatsa liwiro. Nthaka inanjenjemera, matope akuulukira m'mwamba, anthu akukuwa mayina a okwera. Rumen anamukumbatira Zornitsa chakumbuyo, chibwano chili paphewa pake.

"Usaope, duwa langa, ndakugwira."

Iye sankaona mahatchi. Ankasanja mawu mumtima. Ayambe ndi dzina? Ayambe ndi chikondi?

Mpikisano unatha. Okwera anayamba kubwerera akuyendetsa mahatchi awo m'mbali mwa mpanda. Zornitsa anatembenuka, nagwira manja onse a Rumen.

"Rumen, tiye tipite poduka mphepo. Ndili ndi mawu."

"Inenso ndili nawo, ndipo anga ndi okoma kuposa ako," anatero akupisa dzanja m'thumba la jekete. "Mayi, bwerani pafupi!"

"Ayi, Rumen, yamba wamva anga..."

"Zornitsa! Iwe Zornitsa!"

Mawuwo anachokera pamwamba pa hatchi yakuda. Anali bambo Dimcho, mnansi wa kumudzi kwawo, nkhope yonse ili matope, akuseka mano onse pamtunda.

"Mwana wa a Gerganov weniweni! Unathawira kuti, katswiri wathu? Ukanakwera lero, anyamatawa akanadya matope ako ngati chaka chija!"

Kenako maso awo anagwera pa chikuku. Kuseka kunazima. Anakoka zingwe za hatchi, nachoka osatsanzika.

Kamkate kanagwa m'manja mwa mayi Tsveta.

"Gerganov?" Anayandikira, namuyang'anitsitsa kumaso. "Mayo ine! Ndiwe! Ndiwe unkaseka utanyamula nkhosa! Ndipo ine ndakupsompsona, ndakuphikira ndi manja angawa!"

"Tsveta, basi," anatero bambo Stoil.

"Basi chiyani? Stoil, iwe umadziwa?"

Rumen anali chiimire, dzanja likadali m'thumba.

"Zori, bambo aja aledzera eti? Auze mayi kuti ndiwe Pasheva. Auze!"

Zornitsa anayamba kulira.

"Ndine. Ndine, Rumen. Ndimafuna kukuuza pompano, ndikulumbira! Funsa bambo!"

"Pompano?" anatero Rumen. "Pabenchi paja ndinakuuza zonse, iwe n'kundipatsa dzina labodza. Ndinkalira pamiyendo pako, ndikumutukwana munthu ameneyo, iwe ukundisisita mutu! Unkamva bwanji? Unkandiseka?"

"Ayi! Ndinkafa tsiku lililonse! Ndinkaopa kukutaya, ndimakukonda..."

"Ukanandiuza tsiku lija, ndikanakwiya, mwina ndikanachoka mwezi wathunthu. Koma ndikanabwerera, Zori. Ndikanabwerera! Tsopano ndibwerere kwa ndani? Mtsikana amene ndinamukonda kulibe."

Anatulutsa dzanja lopanda kanthu, mphete ya chinkhoswe itatsala m'thumba, nagwira zogwirira za chikuku. Atakankha, tayala linatitimira m'matope. Zornitsa anawerama kuti athandize.

"Usakhudze!"

Rumen anawanyamula bambo ake m'manja, bulangeti likulendewera, nayenda nawo kudutsa pakati pa anthu mpaka kugalimoto. Mayi Tsveta anatsatira akukoka chikuku chopanda munthu. Bambo Stoil okha ndi amene anacheuka.

Zornitsa anabwerera ku Pleven pa lole ya anthu osawadziwa, atakhala pakati pa mitolo ya udzu.

Anaimba foni, sinayankhidwe. Analemba uthenga wautali wofotokoza zonse kuyambira pa kona ija. Foni inaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere. Sabata inatha, inanso inatha. Chitseko cha sitolo chikatseguka masana, mtima wake unkadumpha, koma ankangolowa alimi ofuna mankhwala a njoka za m'mimba.

Lachisanu la sabata yachitatu, akupimira mayi wina chakudya cha anapiye, foni inalira. Unali uthenga wa Rumen.

"Bambo akuti ndikuuze kuti alibe nawe chakukhosi, ndipo ukafuna kukawaona khomo ndi lotsegula. Akhala akundinyengerera masiku onsewa kuti ndikukhululukire. Ndayesa, Zornitsa. Mulungu akudziwa kuti ndayesa. Bambo ndi munthu wamkulu mtima kuposa ine. Usandidikire."

Anawerenga kawiri. Chakudya cha anapiye chinasefukira pasikelo n'kumwazika pansi.

"Mwana wanga, uli bwino?" anafunsa mayi uja.

Zornitsa anapukuta maso ndi mkono wa juzi, natenga tsache.

"Pepani mayi. Munati makilo angati?"