Mtambo wa Lachinayi

Ndege imene Namvula ankagwirako ntchito sinanyamukepo chipangidwire. Inali chibokosi chachitsulo choima pa miyendo isanu ndi umodzi, m'chipinda chachikulu cha sukulu ya oyendetsa ndege. Mkati mwake munali mipando iwiri, mabatani osawerengeka ndi mawindo amene kwenikweni anali masikirini. Dzuwa, chifunga, mvula ndi mphezi zooneka pa mawindowo ankazipanga ndi Namvula pa kompyuta yake. Dzinali anam'patsa anzake apantchito, poti ankatha kugwetsa matalala m'nyumba yofolera bwino.

Lolemba lina munalowa njonda yodzayesedwa, monga amachitira oyendetsa ndege miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Inatulukamo malaya atanyowa ndi thukuta.

"Ndani amafuna kundipha ndi chimtambo chija?" inafunsa ikuseka.

"Ndine. Mukanachilambalala sibwenzi mukupuma mwabefu chonchi," anayankha Namvula osadzutsa mutu.

"Ndauluka zaka zisanu, koma mtambo wabodza wondiopsa chotere sindinauonepo. Manja amenewa akungosowa mphete basi."

Anthu ankamutchula Kaputeni, ngakhale anali akadali wothandizira woyendetsa ndege wamkulu chabe, ndipo mwini wake dzinalo sankalikana. Pakamwa pake panali pothira shuga. Namvula anadziuza kuti nambala ya foni akum'patsa chifukwa cha ntchito yokha. Ndani sanadzinamizepo chotere?

Ntchitoyo inalidi yofuna zithunzi. Mtambo wongoganizira m'mutu umaoneka ngati thonje lomata pakhoma, ndipo woyendetsa ndege saukhulupirira. Choncho masana aliwonse Namvula ankakwera padenga la ofesi kukajambula thambo. Ankasiyanitsa mitambo yanthenga yakumwambamwamba, yathonje ya tsiku labwino, ndi yoyala ngati bulangeti imene imabisa bwalo la ndege. Tsopano zithunzi zina za mitambo zinayamba kumupeza pa foni kuchokera kwa Kaputeni.

"Mvula yanga yoyamba, uwu ndaudutsa m'mawa uno. Ndauuza kuti ukupatse moni."

"Anzanga amapatsa akazi maluwa. Ine ndakupatsa thambo lonse, ndipo sindidzalilanda."

Namvula anakonda mpaka kuiwala kudya. Kaputeni ankati amakhala kumzinda wakutali kumene kuli kampani yake, ulendo wa maola awiri pa ndege, n'chifukwa chake ankangooneka kawiri pamwezi. Mwezi wachisanu anabwera ndi mphete.

"Siya ntchito ubwere kwathu, wapamtima. Wakwana kusewera ndi mitambo yabodza. Yeniyeni ndizikakuonetsa ndekha mpaka imfa."

Kalata yosiyira ntchito Namvula anailemba, n'kuiika m'chikwama kudikira Lolemba, tsiku limene Kaputeni ankabweranso kudzayesedwa. Mphunzitsi wamkulu, bambo waimvi amene anamulemba ntchito, atamva anapukusa mutu.

"Mwana wanga, zaka zinayi wakhala ukumanga nyengo ya ndege iyi. Kunyumba kwakeko unayamba wafikako?"

"Mtima ndi wanga, aphunzitsi. Ndikagwa ndigwa ndekha."

Lachinayi masana ali padenga, kum'mawa kunadzuka chimtambo cha bingu chimene sanaonepo. Mutu wake unali wosalala ngati tebulo, utapendekera kumanzere. Pansi pa mutuwo panali kabowo koonetsa thambo, ndipo mvula inkagwa mbali imodzi yokha. Namvula anajambula zithunzi makumi awiri, mtima uli dyokodyoko. Akutsika masitepe foni inalira.

"Kuno kutali ndakusowa, mvula yanga. Taona umene waima pamwamba pa nyumba yathu, imene ulowemo mwezi wamawa."

Anamwetulira. Kenako kumwetulirako kunauma. Mutu wosalala, wopendekera kumanzere. Kabowo pansi pake. Mvula mbali imodzi. Chilichonse munthu akhoza kumunamiza Namvula, koma osati mtambo. Mtambo subadwa kawiri, ndipo sungaime pamwamba pa mizinda iwiri nthawi imodzi. Kaputeni anali mumzinda womwewu.

Kodi mwina amafuna kumudzidzimutsa ndi ulendo? Nanga "nyumba yathu" inali iti? Mtima unamuwawa kwambiri, koma sanamuimbire. Anadziwa kuti akangomva mawu ake okoma aja akhulupiriranso.

Lachisanu lonse anaumanga mtambowo pa kompyuta kuchokera pa zithunzi zake, n'kuika dzuwa pamalo pamene linali ola limenelo. Mzinda wonse unalimo kale m'makinawo, misewu, nsanja ndi mathanki a madzi, chifukwa oyendetsa ndege amaziyang'ana potera. Pakona pa chithunzi cha Kaputeni pankaoneka thanki yaitali yokhala ndi makwerero. Namvula anayamba kusuntha diso la kompyuta msewu ndi msewu, mpaka mtambo, dzuwa ndi thanki zinagwirizana ndi chithunzicho ndendende. Panali kutsidya kwa njanji, mphindi makumi awiri pa basi.

Loweruka m'mawa anali ataima pa geti yobiriwira moyang'anana ndi thanki ija. Pachingwe panayanikidwa malaya oyera asanu okhala ndi timalamba ta paphewa, pambali pake matewera. Kunatuluka mayi wobereka khanda, mphete yaukwati ili pachala.

"Takulandirani. Ngati mukufuna bambo ake a mwanayu, angopita kukameta."

"Ayi, mayi, ndimangodutsa. Ndife a zanyengo. Kodi Lachinayi mvula inafika kuno?"

"Sinafike, inangotiopseza. Amuna anga anaima pomwe mwaimapo n'kumajambula chimtambo chake. Akuti n'zakuntchito. Ndiye amazikonda zimenezo, tsiku ndi tsiku foni kumwamba."

Namvula anathokoza n'kutembenuka. Analira m'basi ulendo wonse, osasamala amene akumuona. Sankalirira mwamuna yekha ayi. Ankalirira thambo limene ankaliyesa lake, ndi ntchito imene anatsala pang'ono kuitaya m'dzala.

Lolemba Kaputeni anafika akukoka kasutikesi, akuyasamula ngati munthu wotsika ndege kumene.

"Ulendo wautali, wapamtima, koma ndikakuona kutopa konse kumatha. Kalata ija wapereka?"

"Lowani kaye mukhale pampando. Ndapempha aphunzitsi mphindi zisanu mayeso asanayambe."

"Lowani? Lero ndasanduka inu?"

Kaputeni anakhala kumanja, Namvula kumanzere. Mawindo anayaka, ndipo chimtambo chija chinaima patsogolo pawo.

"Eee, mwana iwe uli ndi manja. Ukufanana ndi uja ndinakutumizira."

"Sukufanana. Ndi womwewo. Ndinaujambula ndili padenga pano, inu mukuujambula muli apa."

Anakankha kabatani, chithunzi chinatsika pang'onopang'ono kudutsa njanji, mpaka thanki ya makwerero inadzaza windo.

"Geti yobiriwira sindinaiike," anatero Namvula. "Matewera ndi ovuta kujambula."

"Mvula yanga, tamvera. Banja limene lija linatha kalekale. Ndimangopitako kukaona mwana."

"Malaya anu asanu nawonso amapita kukaona mwana?"

Shuga uja anasungunuka. Kaputeni anakweza mawu, maso atafiira.

"Ndiye ukufuna kukalambira m'chibokosi chosauluka? Ndani adzakukonde ngati ine? Zonse umapanga muno n'zabodza!"

"Zoona, n'zabodza. Koma aliyense wolowa muno amadziwa zimenezo, ndipo amatuluka atadziwa kupulumutsa anthu. Ine ndinalowa mwa inu ndikuyesa ndege yeniyeni." Namvula anamuyang'ana m'maso. "Ndinakukondani, sindikana. Ndikukukondanibe pang'ono, ndipo zikundinyansa. Zidzatha. Ntchito yanga yokha ndiyo simuitenga."

Anavula mphete n'kuiika m'thumba la malaya oyera amene Kaputeni anavala.

"Mukawapatse mayi a khanda aja. Amakuchapirani bwino."

Potuluka anakumana ndi mphunzitsi wamkulu pamasitepe a chibokosicho, fayilo ili m'manja. Bamboyo anayang'ana maso ake otupa, kenako chikwama chake.

"Pali kalata yanga, mwana wanga?"

Namvula anaitulutsa, naing'amba pakati, naing'ambanso, n'kuponya zidutswazo m'bini.

"Palibe, aphunzitsi."

"Chabwino. Nanga bambowa tiwapatse nyengo yanji lero?"

"Ya Lachinayi. Sindiwonjezera kanthu, sindichotsa kanthu. Amaidziwa bwino, anaijambula okha."

Chitseko chinatsekedwa. Miyendo yachitsulo inakweza chibokosi chija, n'kuyamba kuchigwedeza. Namvula anakhala pa desiki yake, misozi ikutsikira m'masaya, manja ali phee pa mabatani. Pa kamera ankamuona Kaputeni akuyandikira chimtambo, thukuta litayamba kale pamphumi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo uyu analibenso phanga lothawirako pano.

Pa foni pake panali zithunzi zoposa zana zochokera kwa iye. Anazifufuta zonse n'kusiya makumi awiri zimene anajambula yekha. Kenako anadina batani, mvula inayamba.