Kafupi Awerenga Baibulo la Amayi

Uyu ndi Kafupi. Ndi mtsikana wamfupi, koma mawu ake ndi aakulu. Kafupi wangoyamba kumene kuwerenga.

Lero Kafupi wadzuka wosakondwa. Amayi kulibe. Anapita kuchipatala dzulo. Anapita kukabereka mwana. Kafupi akufuna kuona amayi.

M'nyumba muli chipwirikiti. Abambo akuthamangira uku. Abambo akuthamangira uko. Malaya avala chotembenuza. Foni ili m'manja, koma sikulira.

Mlongo wake wamng'ono wakhala pansi. Wavala nsapato imodzi. Akulira, "Amayi! Ndikufuna amayi!"

Kukhitchini mkaka ukusefukira. Fwaa!

"Mayo ine!" akutero abambo. "Makiyi ali kuti? Chikwama chili kuti? Fulumirani, ana inu!"

Kafupi akuyang'ana abambo. 

Kafupi akuyang'ana pawindo. Pali Baibulo la amayi. M'mawa uliwonse amayi amalitsegula. Amawerenga asanasese. Amawerenga asanaphike. Lero palibe walitsegula.

Kafupi akulinyamula ndi manja awiri. Ndi lolemera!

"Ababa, sitinawerenge."

"Mwanangu, nthawi yatha."

"Koma amayi amati tiziyamba ndi Mulungu."

Abambo aima. Akupuma kwambiri. Kenako akukhala pampando.

"Wanena zoona, mayi wanga. Bwera kuno."

Kafupi akukhala pamwendo uwu. Mlongo wake akukhala pamwendo uwo. Abambo akutsegula pamene amayi anasiyira.

"Lero uwerenge ndiwe," akutero abambo.

"Ine? Zilembo zake n'zazing'ono!"

"Yesa. Ndikuthandiza."

Kafupi akuika chala pa mawu. Akuwerenga pang'onopang'ono.

"Ndi-ka-chi-ta ma... ma..."

"Mantha," akunong'ona abambo.

"Ndikachita mantha, ndi-dza-da-li-ra Inu."

Kafupi akuwerenganso. Tsopano sakukakamira. "Ndikachita mantha, ndidzadalira Inu."

"Ababa, kudalira n'kutani?"

"Ukamawoloka msewu waukulu, umatani?"

"Ndimagwira dzanja lanu."

"Magalimoto amachoka?"

"Ayi. Koma inu mumakhalapo."

"Ndi zomwezo. Kudalira n'kugwira dzanja la Mulungu."

Kafupi akuganiza. "Ababa, nanunso mumachita mantha?"

"Ee, mwanangu. Lero ndili ndi mantha."

"Inenso," akutero Kafupi.

"Inenso!" akutero mlongo wake.

Onse akutsinzina. Kafupi akupemphera.

"Atate wakumwamba, tili ndi mantha. Gwirani amayi. Gwirani mwana wathu. Gwiraninso ababa. Ameni."

"Ameni!" akufuula mlongo wake.

Abambo akupukuta maso. Akumwetulira. 

Foni sinalirebe. Koma tsopano abambo sakuthamanga. Akuvala bwino malaya. Akupeza makiyi m'thumba mwawo. Kafupi akupeza nsapato ina kuseri kwa chitseko.

Akwera basi. Afika kuchipatala. Akukhala pabenchi. Akudikira. Akudikirabe.

Mtima wa Kafupi ukugunda. Di, di, di! Akunena chamumtima, "Ndidzadalira Inu."

Chitseko chatseguka. Anamwino akutuluka.

"Bambo, lowani ndi ana. Mayi ali bwino. Mwananso ali bwino."

Amayi agona pabedi. Atopa, koma akuseka. Pachifuwa pawo pali kamwana.

"Bwerani, ana anga. Dzaoneni mng'ono wanu."

Kafupi akusuzumira. Kamphuno kakang'ono! Timakutu tating'ono!

"Amayi, lero Kafupi watiwerengera Baibulo," akutero abambo. "Ine ndinaiwala. Iye sanaiwale."

Amayi akukoka Kafupi. Akumupsompsona pachipumi.

Mlongo wake akuyang'anitsitsa kamwana. "Kalibe mano! Tikabweze?"

Onse akuseka. Anamwino nawonso akuseka.

"Ayi, bambo wanga," akutero amayi. "Aka n'kathu. Tipita nako kwathu."

Kafupi akukhala pabedi. Amayi akumuikira kamwana m'manja. N'kofunda. N'kofewa.

"Zikomo, Mulungu," akutero Kafupi. Akunena motsitsa mawu, kuti kamwana kasadzuke.