Mluzu Pakati pa Utsi

Utsi unayamba kufuka pa zenera la nyumba yosindikizira mabuku Loweruka masana, anthu ali ku nkhomaliro. Woyamba kuuona anali mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana. Anakuwa. Amakaniko awiri a pa galaji anathyola chitseko chakumbuyo ndi chitsulo, n'kupeza wosindikiza ali kwala pansi pafupi ndi makina, magazi ali chuchuchu kumutu. Anamukokera panja. Moto anauzimitsa ndi mchenga ndi madzi a m'zidebe, koma makatoni a pakona anali atapsa kale.

Nachimbale anafika fungo la petulo lisanathe. Dzinali anam'patsa ndi omvera wailesi, chifukwa Lachisanu lililonse ankawaikira zimbale zakale za popu ndi roko. Makatoni opsawo anali ake. Munali buku limene analivutikira kwa zaka: mbiri ya nyimbo zimenezi, kuyambira kumene zinachokera mpaka magulu a m'tauni yomweyo amene ankagwedeza maholo ndi magitala iye asanabadwe. Mawa lake ndiye linali tsiku lolionetsa kwa anthu.

Anatola buku limodzi. Chikuto chinanyenyeka m'manja mwake. Pa chithunzi cha malemu bambo ake, amene anali woimba wamkulu wa gulu la Mphenzi, panatsala chibwano ndi maikolofoni basi.

"Ikani pansi icho, mayi!"

Amene analankhula anali sajeni wa polisi, mayi wamfupi wa mawu aakulu ngati a mwamuna.

"Mabukuwa ndi anga," anatero Nachimbale.

"Anali anu. Tsopano ndi umboni." Sajeni analoza m'chipindamo ndi ndodo yake. "Taonani. Kompyuta ilipo. Makina sanawakhudze. Makadi aukwati awo ali bwinobwino. Petulo wathira pa katundu wanu yekha. Munam'lakwira ndani?"

"Ine ndimalemba za nyimbo, osati za ndale."

"Oimba ndiye oipa zedi. Ndinakwatiwapo ndi mmodzi. Alipo amene analiwerenga kale bukuli?"

"Palibe. Ndinangowerengako mutu umodzi pa wailesi sabata yatha. Wa gulu la bambo anga."

Sajeni analemba zimenezo m'kabuku kake.

Wosindikiza anatsitsimuka Lolemba. Nachimbale atafika kuchipatala, mkazi wa wodwalayo anamutsekereza pakhomo la wodi.

"Mwadzatani? Kudzaona ntchito ya manja anu? Amuna anga ankasindikiza makadi aukwati mwamtendere. Mwabwera inu ndi buku lanu la anthu osuta chamba, lero diso lapita!"

"Pepani, amayi."

"Pepani amabweza diso? Tachokani apa!"

Sajeni ndiye anatulukira m'katimo n'kumuuza mkaziyo kuti apatuke. Wosindikiza anagona chagada, theka la nkhope lili m'mabandeji. Ankalankhula pang'onopang'ono. Anati anali atawerama akuchotsa pepala limene linakodwa m'makina. Chinthu cholemera chinamugwera kumbuyo kwa mutu, nkhope n'kumenyetseka pa chitsulo. Munthuyo sanamuone.

"Koma ndinamumva," anatero. "Ankathira petulo uku akuimba mluzu, ngati munthu amene akuthirira maluwa."

"Mluzu wotani?" anafunsa Sajeni.

Wosindikiza ananyambita milomo yake youma n'kuyesa. Mluzuwo unatuluka monjenjemera. Sajeni anagwedeza mutu mokhumudwa.

"Imeneyo ndi nyimbo ya Mphenzi ija. Ngakhale agalu a m'tauni muno amaidziwa."

Koma wosindikiza sanasiye. Pamene nyimboyo imathera pa chimbale, iye anapitiriza ndi kachigawo kena kozizira, kotsika ngati munthu akutsetsereka pa chulu. Nachimbale anadzidzimuka. Kachigawo kameneko sikanajambulidwe pa chimbale chilichonse. Iye anakamva ali mwana, atakhala pansi pa tebulo, amalume ake akukaimba ndi mluzu uku akukonza mawaya a gitala.

"Mwatani, mayi?" anafunsa Sajeni. "Mukukadziwa?"

"Ayi."

"Chabwino. Pitani mukapume."

Nachimbale sanapite kukapuma. Anakwera basi yopita kumsika.

Amalume akewo anthu ankawatchula kuti a Mawaya. Anali mchimwene wa amayi ake, ndipo ndiwo ankaimba gitala wamkulu m'gulu la Mphenzi. Masiku ano ankakonza mawailesi ndi masipika m'kachipinda ka kuseri kwa msika. Nachimbale ndi amalume akewa sankalankhulana chichokere maliro a bambo ake, pamene a Mawaya anabwera ataledzera n'kunyamula gitala wa gulu anthu akulira.

Anawapeza atakhala pa sipika yakufa, chipewa chitatsikira pamphumi. Dzanja lamanja linali lokulungidwa ndi nsanza. Gitala uja anali pakhoma.

"Taonani amene watikumbuka," anatero a Mawaya. "Mlembi wamkulu. Mpando ndilibe. Ima pompo."

"Dzanjalo mwatani, amalume?"

"Chowotcherera mawaya."

"Chowotcherera mawaya chimawaula nsidze? Tavulani chipewacho."

A Mawaya anaseka, koma m'maso munalibe chiseko. Anachivula okha n'kuchiponya pa tebulo. Nsidze zonse ziwiri zinali zitapsa.

"Waona? Ndiye upite ukalembe. Paja kulemba ndiye umatha."

"Munthu wataya diso!"

"Akanapita ku nkhomaliro ngati anzake."

"Ndiye munamusiya kuti apsere momwemo?"

"Usandikweze mawu iwe! Ndinakupukuta mamina ine!" A Mawaya anadzuka, nagunda bokosi la zitsulo ndi phazi. "Ndinakumva Lachisanu lija. Ndinali pompano, makasitomala ali tcheru. Ukuti nyimbo ija anapeka ndi bambo ako. Ine ukunditchula 'woimba gitala wina amene anachotsedwa chifukwa cha mowa.' Wina! Msika wonse unandiseka. Wogulitsa makala, munthu wosadziwa ndi komwe gitala amagwira, akundifuulira kuti, 'Mwadzuka bwanji a Wina?'"

"Pa chimbale pali dzina la bambo anga."

"Bambo ako anali ndi nkhope ndi pakamwa. Zala zinali zanga! Anandibera ali moyo, iwe ukufuna undiberenso m'buku kuti zidzukulu zidzawerenge bodza? Unabwerapo kudzandifunsa?"

"Ndikanafunsa chidakwa chimene chinaba pa maliro?"

Mawuwo atangotuluka, Nachimbale anadziwa kuti waponda mchira wa njoka. A Mawaya anatsomphola gitala pakhoma, naugwira kukhosi ndi manja onse awiri ngati nkhwangwa. Nachimbale anawerama. Gitala anapita pamwamba pa mutu wake n'kukaphwanya shelefu, mawailesi a eni n'kugwa pansi kuti phwaa! Anatembenuka kuti athawe, koma chingwe cha magetsi chinamukola mwendo. Anagwa. A Mawaya anakwezanso gitalayo.

"Ponyani pansi, madala!"

Sajeni anali pakhomo, apolisi awiri ali kumbuyo kwake. A Mawaya anayang'ana uku ndi uku. Khomo linali limodzi. Anaponyera gitalayo wapolisi wakutsogolo, nayesa kudutsa pakati pawo. Sanafike patali. Anawagwetsera pa mulu wa masipika, nawapindira manja kumbuyo. Unyolo utakhudza pa bala la moto, anakuwa ngati mbuzi.

"Zala zanga! Samalani zala zanga, agalu inu!"

"Diso la mnzanu munalisamala?" anatero Sajeni. "Nyamulani."

Kuseri kwa masipika anapeza chigubu chonunkha petulo ndi sipanala yaikulu imene inali isanatsukidwe bwino. Anthu a mumsika anaunjikana pakhomo, ena akuseka, ena akutukwana. A Mawaya akudutsa, analavulira pafupi ndi mapazi a Nachimbale.

"Mwana wa mlongo wanga wandigulitsa."

"Sanakugulitseni," anatero Sajeni. "Anandinamiza kuchipatala, ine n'kungomutsatira." Kenaka anatembenukira Nachimbale. "Inu mukadzandinamizanso, mudzagona chipinda choyandikana ndi cha amalume anu. Mwamva?"

"Ndamva, a Sajeni."

Mlandu sunavute. A Mawaya sanakane chilichonse, ndipo sanapepese. Woweruza atawafunsa ngati ali ndi mawu odandaula, anati akufuna kuti khoti lilembe kuti nyimbo ija ndi yawo. Woweruza anawauza kuti mlandu umene uli pamaso pake ndi wowotcha nyumba ndi wofuna kupha munthu, osati wa nyimbo. Anawagamula kuti akakhale kundende zaka zisanu ndi zinayi akugwira ntchito yakalavula gaga.

Amayi a Nachimbale anakhala mlandu wonse pa benchi ya kumbuyo kwa mchimwene wawo. Galimoto ya ndende itachoka, Nachimbale anawapeza pa masitepe a khoti, nawagwira mkono.

"Amayi, tiyeni ndikuperekezeni."

Anauchotsa mkonowo.

"Unazungulira tauni yonse ndi kamakina kako kojambulira mawu. Unafunsa oimba ng'oma, alonda a m'maholo, ndi akazi amene ankathamangira bambo ako omwe. Ine unandifunsa?"

"Munkati za nyimbo simufuna kuzimva."

"Ukanaumirira. Nyimbo ija achimwene anaipekera m'khitchini mwanga, ine ndili ndi mimba yako, bambo ako ali mkonono kuchipinda. Bambo akowonso ankadziwa."

Nachimbale anawayang'ana kumaso.

"Bwanji simunanene, amayi?"

"Ndinene chiyani? Kuti mwamuna amene unkamulambira anali wakuba? Ndimati zikwiririke naye. Iwe wakafukula." Anakonza mpango wawo kumutu. "Zimene achita achimwene n'zoipa, ndipo akalipira. Koma kwathu usabwere kaye."

Anatsika masitepe okha, osacheuka.

Nachimbale anatsala chiimire, anthu akumulambalala. Kumbuyo kwake kunamveka ndodo ikugogoda pa simenti. Anali wosindikiza, kansalu kakuda kali pa diso, mkazi wake atamugwira m'khwapa. Zonse anali atazimva. Anaima, napendeketsa mutu kuti amuone bwino ndi diso lotsalalo.

"Ndiye tsamba lija lonena za amene anapeka nyimboyo mulikonza?"

"Ndilikonza, bambo," anatero Nachimbale motsitsa mawu.

"Konzani ndithu. Mukatha, mukafune wosindikiza wina."