Mzati wa Pakona

Anayamba kumva ndi mlonda. Mdima ukangogwira, pansi pa nyumba ina yosanja, poimika magalimoto, pankamveka kugogoda: go, go, kenako zii, kenako go pamzati wina. Akawalitsa tochi, sankaona munthu. Amayi okhala m'mwamba anayamba kunong'onezana kuti mwina pomanga nyumbayo panafera wantchito.

Mphekeserayo itafika kwa woyeza konkire, mtima unamuwawa, chifukwa kugogoda kotereku inali ntchito yake. Iye ankafufuza mizati popanda kuiswa. Ankamenya ndi kahamala n'kumvetsera, kenako n'kugunditsa makina oona za mkati. Nyumbayi itangomangidwa, iye anaiyeza: mzati wa pakona unalira ngati chidebe chopanda kanthu, ndipo makina anaonetsa mphako pakati pa zitsulo. Koma womanga nyumbayo anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake yekhayo.

"Alamu, mukangonena zimenezi, ine ndatha," anatero womangayo tsiku limenelo.

Woyezayo anafufuta ndi chikhatho chizindikiro cha choko chimene anaika pamzatipo, n'kunena kuti zonse zili bwino. Munthu wodziwa ntchito yake, eti! Mabanja analowa ndi mipando yawo, mafiriji ndi ana.

Kugogoda sikunaleke. Mmawa wina mlonda anapeza zidindo za mapazi opanda nsapato m'fumbi, zikuzungulira mzati uliwonse. Tsiku lina anasiya ntchito osatsanzika. Woyeza uja tulo tinamuthawa, ndipo ngakhale dontho la pampopi linkamudzidzimutsa.

Potsiriza anapita yekha, n'kubisala kuseri kwa galimoto. Munali chinyezi, ndipo m'mapaipi munkayenda madzi a anthu osamba m'mwamba. Kenako go, go, pafupi penipeni. Chinthu chakuda chinali chitagwada, khutu chitaligunditsa kumzati. Anayatsa tochi.

Anali mlamu wake, wowonda ngati wodwala, nsapato atazigwira kumanja.

"Alamu, ndinu?" ananong'ona woyezayo. "Mukuopseza anthu chifukwa chiyani?"

"Sindikuopseza munthu. Ndikumvetsera." Womangayo sanadzuke n'komwe. "Uja wa pakona si wokha. Tamverani uwu. Ndi uwo. Tsiku limene tinathira konkire, makina otsendera anafa, ine ndinati tingopitiriza. Bwanji simunandikanize, alamu? Ndinkaganiza kuti mundikaniza."

Manyazi anamugwira woyezayo. Analandira hamala imene mlamu wakeyo ankagogodera kuti amve yekha, koma asanamenye, mkati mwa mzati munamveka kuthetheka, pang'onopang'ono, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Timchenga tinamugwera pakhosi.

Onse awiri anayang'ana kudenga. Pamwamba pawo penipeni wina ankakoka mpando, ndipo mayi wina ankaitana ana kuti abwere adzagone.

"Tikatulutse anthu. Muyambire chipinda cha kumanzere," anatero woyezayo. "Ine ndiyambira cha kumanja. Akafunsa kuti ndani ananena kuti nyumbayi ndi yabwino, muwauze kuti ndine."